Ndilipano

Nkhondo itatha, bambo atabwerako ku Dedza,
anapeza nyumba yopanda denga,
pichesi atamera pakati pa chipinda chogona.
Anapempha penti wotsala kwa amisiri a kumishoni
nalemba pachitseko ndi nthenga ya nkhuku:
NDILIPANO.
Chilembo cha P chinadontha mpaka pansi.
Sanachikonze.

Zaka makumi atatu dzinali lakhala likukwera malole
pamatumba a mbewu ya kachewere,
kutsika mapiri a Angoniya, kuwoloka Zambezi,
mpaka ogula a ku Beira anayamba kudandaula:
Mayi Felizarda, pa intaneti simukupezeka.

Ndiye Lachiwiri ndinapita kwa Zefaniyasi,
wokonza mafoni kuseri kwa msika wa Ulongwe,
ndalama nditamanga pansonga ya chitenje.
Analemba zilembo zisanu ndi zinayi ndi chala chimodzi,
dzanja linali litagwira chimanga chootcha.
Kagudumu kanazungulira. Kanazunguliranso.
Latengedwa, anatero, ali chitafunire.

Ndani? Wa ku Domwe? Wa ku Tsangano?
Nditchulire mfunda wake, ndikamuone,
mwina ndi mwana wa amene tinali nawo kumsasa.
Wabisika, Mayi. Alibe dzina, alibe mudzi.
Anatsegula tsambalo: loyera mbee,
palibe kachewere, ngakhale tomato wowola.
Pali mzere umodzi wa Chingerezi ndi mtengo m'madola.
Atausintha kukhala mametikali
ndinaona munda wonse wakudambo ukunyamuka,
mizere, feteleza, aganyu, zonse,
kukagula mawu amene ndimasesa pansi pake m'mawa uliwonse.

Akuti ali nawo masauzande, mayina otere.
Ndimawadziwa ogula chimanga mu Meyi
n'kuchitsekera kudikira njala ya Febuluwale,
koma amenewo anankafumbwe amawalanga,
makoswe amadula msonkho.
Dzina silifumbwa.
Munthu angalikhalire zaka khumi
ngati nkhuku yofungatira mwala.

Tinamulembera. Ndinafotokoza zonse:
za denga, za pichesi, za nthenga ija,
za bambo amene agona kuseri kwa tchalitchi
pansi pa mtanda wolembedwa Belarmino Kachingwe.
Yankho linabwera ndisanameze malovu.
Munthu sawerenga msanga choncho.
Mtengo unali utakwera.
Mwaonetsa njala, Mayi, anatero Zefaniyasi,
pamsika uno salira.

Iwe wosaoneka, ndikufunse:
lilime lako limadziwa pokhala potchula ndi?
Ukudziwa kuti mawuwa ndi yankho,
kuti wina ayenera kuyamba waitana?
Bambo ankayankha anthu amene anawawerengera kale kwa akufa.
Iwe ukuyankha yani,
uli kutali, pansi pa chikwangwani chonena kuti uli pano?

Makina anayamba kundinyengerera.
Ndilipano24. Ndilipano wokhala ndi kamzere pakati
ngati mwendo womangidwa pulasitala.
Ndilipano wa mchira wina, wachilendo,
umene wogula wa ku Beira angaiwale asanafike pa Moatize.
Magetsi anathima. Tinakhala mumdima wa kanyumbako,
fungo la waya wopsa, panja wina akutsatsa kabichi.

Atayaka ndinati: lemba ndikadalipano.
Lalitali, Mayi, anthu azilakwitsa.
Lemba.
Kagudumu kanazungulira kamodzi kokha.
Ndinamasula chitenje, chenji chinatsalako
chogulira mwanayo chimanga china.

Koma sindinagonje, musandimve molakwa.
Lendi ya wakubayo imatha pa 9 Epulo.
Zefaniyasi watchera belu mufoni yanga.
Chaka chatha linalira ndili kumunda,
ndinathamanga matope ali m'miyendo,
n'kupeza walipiranso, usiku, ife tili mtulo.

Chaka chino ndikagona kumsika.

Pakadali pano chitseko chilipo.
Dzulo mdzukulu wanga anafuna kupala P uja
kuti ajambule chithunzi chooneka bwino cha patsamba.
Ndinamulanda mpeni.